Ulendo wa kumudzi ndi mapasipoti awiri

Amalawi tikakumana kuno ku Leeds, kaya ndi pa chinkhoswe kaya ndi pakhonde la tchalitchi mapemphero atatha, nkhani ya ulendo wa kumudzi sichedwa kutulukira. Wina amadandaula mtengo wa tikiti, wina makilogalamu a katundu, kenako pamapezeka wofunsa kuti, "Nanga inu amene munatenga ya Britain, ku Lumbadzi mumaonetsa iti?" Mayankho amachuluka kuposa anthu amene alipo. Ine ndimabweza funso lina: kodi m'mabuku a boma la Malawi mukadali nzika? Ambiri amandiyang'ana ngati ndawatukwana. Munthu wobadwira ku Ntcheu, mchombo wake uli kuseri kwa nyumba ya agogo ake, angafunsidwe bwanji zotere? Komatu pasipoti yoti muonetse pa bwalo la ndege imadalira yankho la funso limeneli.

Lamulo la unzika limene Malawi anakhazikitsa mu 1966 silinkalola munthu wamkulu kukhala nzika ya mayiko awiri. Ukatenga unzika wa dziko lina mwa kufuna kwako, wa Malawi unkathera pomwepo. Panalibe kalata yodzakuuza, panalibenso wogogoda pakhomo kudzalanda pasipoti. Ana obadwa ali nzika za mayiko awiri ankasiyidwa mpaka zaka 21, kenako ankayenera kusankha mbali imodzi asanakwanitse 22. Ine ndinakalumbira kukhala nzika ya Britain m'holo ya khonsolo, chithunzi cha Mfumukazi Elizabeth chili pakhoma, lamulo limeneli likugwirabe ntchito. Ndinabwerera kunyumba ndi satifiketi m'manja, pasipoti yanga ya Malawi ili mudirowa, zaka zake zisanathe. Kabukuko kanali kabwinobwino, koma unzika umene kankaimira unali utapita.

Alipo anzathu amene anapitiriza kulowera pasipoti yakaleyo, ena mpaka kukatenganso yatsopano itatha, osatchula kuti ali ndi ina. Sindiwaweruza, poti aliyense anali ndi chomupweteka chake, koma sindingalangize munthu kutero. Kubisa unzika wina pofunsira pasipoti ndi kunamiza boma, ndipo bodza lotere limasankha tsiku loipa loululikira: pa mlandu wa malo, pogawa chuma cha masiye, kapena pamene mwana akufuna mapepala kudzera mwa inu.

Mu Disembala 2018 Nyumba ya Malamulo inavomereza kusintha lamuloli, ndipo zinatsimikizika mu 2019, pa ulamuliro wa Peter Mutharika. Kuno tinavina. Anzathu a ku Zambia anali atatsegula khomo limeneli mu 2016 ndipo tinkawasirira. Koma ndondomeko ya mafomu ndi malipiro inadza mochedwerapo, ndipo m'chisangalalo muja mfundo imodzi inatidutsa ambiri. Lamulo latsopano likulola mbadwa ya Malawi, kapena mwana wa mbadwa, kukhalanso nzika ya dziko lina. Silinangobweza lokha unzika kwa ife amene tinautaya kale. Ifeyo tiyenera kuchita kupempha kuti utibwerere. Nayenso amene akutenga unzika wina lero ayenera kudziwitsa boma, osangokhala phee.

Ine zonsezi zinandipeza pa matenda a mayi anga. Achimwene anaimba foni usiku kuti mayi agonekedwa ndipo zinthu sizili bwino. Ndinanyamuka ndi pasipoti ya Britain yokha, kudzera ku Addis Ababa. Masiku amenewo a pasipoti ya Britain ankalipira viza polowa m'Malawi, lamulo limene linayamba mu 2015, ndiye pa bwalo la ndege la Kamuzu ndinaima pa mzere wa alendo, pakati pa azungu odzaona nyanja, madola ali m'manja. Wa Imigireshoni anatsegula pasipoti, nawerenga pamene palembedwa malo obadwira, nadzutsa maso.

"Takulandirani kwanu, mayi. Mukhala masiku angati?"

"Sindikudziwa, bwana. Mayi anga akudwala."

"Pepani kwambiri. Ine ndikupatsani masiku 30. Akamatha mukadali konkuno musadikire, mukaonjezere ku ofesi."

Anandilankhula mwaulemu, ndipo anachita zimene lamulo limamuuza. Chichewa changa, mfunda wanga, dzina la mudzi wathu, palibe chimene chinasintha chidindo chija. Pa tebulo limene lija munthu amalandiridwa monga mwa kabuku kamene wapereka.

Mayi anatisiya masiku a chidindo atatsala pang'ono kutha. Maliro ataikidwa, anthu akugonabe pasiwa kudikira tsiku lometa, ine ndinauza akuluakulu kuti m'bandakucha ndikwera minibasi ya ku Lilongwe kukapempha masiku ena. Amalume sanafune kumva.

"Iwe, mwana wa m'mudzi muno, ukapemphe chilolezo kwa ndani? Manda a amayi ako sanaume n'komwe."

Ndinawafotokozera za chidindo, za lamulo la 1966, za kulumbira kuja. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anapukusa mutu nati, "Basi, pita, mlendo wathu." Mawu amenewa anandiwawa kuposa mzere umene ndinakaimapo tsikulo.

Amene mukulowabe ngati alendo, dziwani kuti chilolezocho chimaonjezeredwa, pamalipiro, mpaka masiku 90 onse pamodzi, ndipo a Imigireshoni ali ndi maofesi ku Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi m'malo ena. Pitani tsiku lisanakwane. Kupitirira masiku ndi mlandu ngakhale mutabadwira pa chipatala chimene chikuoneka pawindo la ofesiyo. Chilolezo cha mlendo sichilolanso kugwira ntchito kapena kuyendetsa bizinesi, choncho amene mumati "ndikakhalako miyezi iwiri ndikuyang'anira shopu" muganizirepo. Mu Febuluwale 2024 boma linachotsa viza kwa nzika za mayiko 79, kuphatikizapo Britain ndi America, ndipo ena kuno anati, nanga pasipoti ya Malawi tikuivutikiranji? Kuchotsa viza sikunachotse kuwerengeredwa masiku. Komanso chimene boma lapereka ndi chikalata chimodzi, boma likhoza kuchichotsa ndi chikalata china. Ulendo uliwonse funsani kaye kuti lamulo la viza lili pati mwezi umenewo, musadalire zimene anakumana nazo mnzanu chaka chatha.

Chimene chinandikankha kwenikweni ndi puloti. Ine ndi bambo a kunyumba tinapeza malo kunja kwa Lilongwe, ndipo tinkafuna alembedwe m'mayina a tonse awiri. Loya anandifunsa chitupa cha unzika, ndinamupatsa pasipoti ya Britain, ndipo anangoibweza pa tebulo. Mu 2022 lamulo la malo linasinthidwa n'kuletsa kugulitsa malo kwa anthu amene si nzika za Malawi. Bambo a kunyumba anali oyenera, ine ayi. Ndimawakhulupirira amuna anga, koma ndaona amayi ambiri amene anatumiza ndalama za mashifiti a usiku zaka ndi zaka, malo n'kulembedwa m'dzina la mlamu, nkhani n'kudzathera ku khoti.

Popempha kuti unzika ubwerere, chinthu choyamba chimene chinandithandiza ndi pasipoti yakale ija ya mudirowa. Musaitaye, ngakhale inatha kalekale, ngakhale chithunzi chake chikukuchititsani manyazi. Ndi umboni woti boma lenilenilo linakudziwanipo ngati nzika. Anafunanso satifiketi ya unzika wa Britain, poti pamenepo ndi pamene pali tsiku limene unzika wa Malawi unatha, pasipoti ya Britain, zithunzi, malipiro, ndi umboni woti ndinabadwira m'Malawi kwa makolo a Chimalawi. Apa ndi pamene ambiri a msinkhu wanga timakakamira. Kulembetsa mwana aliyense pobadwa kunakhala kokakamiza mu 2015, ndiye ife obadwira kumudzi zaka za m'ma 1970 ndi 1980 satifiketi yobadwira sitiidziwa. Ine ndinasonkhanitsa kalata ya ubatizo ya ku parishi, satifiketi ya MSCE, makope a zitupa za achimwene ndi amalume, ndi kalata ya amfumu. Kwa amfumu anandiperekeza ndi amalume omwe aja, atavala jekete lawo la ku tchalitchi, ndipo ndi iwo anayala mzere wa makolo athu kuyambira kwa agogo a agogo, mpaka mlembi anachita kuwadula kuti pepala latha.

Mapepalawo atakumana pa tebulo limodzi, zinaoneka kuti sakugwirizana. Pa kalata ya ubatizo dzina la bambo anga linalembedwa ndi r, pa satifiketi ya sukulu ndi l, ndipo tsiku lobadwa linasiyana ndi la m'pasipoti. Kumudzi zimenezi palibe amaziona ngati vuto, koma kompyuta sidziwa kuti munthu wake ndi yemweyo. Ndinakalumbira pamaso pa loya kuti mayina onsewo ndi anga, ndipo kalata yolumbirayo ndimayenda nayo mpaka lero. Yalani mapepala anu pansi musanapite ku ofesi iliyonse, muwerenge chilembo ndi chilembo.

Panja pa maofesi otere simulephera kukumana ndi madobadoba. Amadziwa kununkhiza munthu wochokera kunja, kaya ndi nsapato kaya ndi kayendedwe, ndipo amabwera ndi mawu okoma: "Aunt, zimenezi ndi za mawa lomwe, ndili ndi munthu m'katimu." Pa zinthu zina mwina munthu angataye ndalama basi, koma pa unzika mukhoza kutaya zambiri. Pepala limene ladzera pakhomo lakuseri likadzakanidwa, mlandu ndi wanu, dobadoba atasintha kale nambala ya foni. Lipirani pamene boma lanena, landirani lisiti, ijambuleni pa foni, ndipo lembani dzina la ofesi ndi tsiku limene mwasiya mapepala.

Zinthu zimatsatana chonchi: unzika ubwerere kaye, kenako chitupa cha unzika cha ku NRB, chimene Amalawi analembetsa mwaunyinji mu 2017 ife tili kunja, ndiyeno pasipoti, poti popanda chitupacho fomu ya pasipoti siyenda. Zitatu zimenezi sizikwana mu tchuthi cha milungu itatu. Mukumbukira kuti kumayambiriro kwa 2024 kusindikiza mapasipoti kunaima kwa milungu ingapo, ndipo Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba a pa intaneti alowerera makompyuta osindikizira. Amene anagula tikiti yobwerera podalira pasipoti imene inali isanatuluke anaona zakuda. Ine ndinagawa ntchitoyi m'maulendo osiyana, ndipo nthawi yonse yodikira ndinkalowabe ngati mlendo, osabisa kanthu.

Tsopano tifike pa funso la pakhonde la tchalitchi lija. Pa ulendo pali anthu a mitundu iwiri amene amafuna pasipoti, ndipo safuna chinthu chimodzi. A kampani ya ndege amafuna kudziwa ngati kumene mukupitako akakulandireni, chifukwa mukakabwezedwa, kampani ndi imene imalipira chindapusa ndi kukunyamulaninso. A Imigireshoni amafuna kudziwa kuti munalowa bwanji m'dziko lawo ndipo mukutuluka pa nthawi yake kapena ayi. Wa ndege maso ake ali kutsogolo, wa Imigireshoni ali pa dziko limene mwaimapo. Mukagwira zimenezi, simusowanso woti akuuzeni.

Ponyamuka ku Manchester kapena ku Heathrow, pa kauntala ndimapereka ya Malawi, poti ndi imene ikandilowetse kumene ndikupita. Britain alibe tebulo la Imigireshoni potuluka, amangotenga zimene a ndege alemba. Ku Addis Ababa kapena ku Nairobi ndimaonetsa yomwe ija imene ili pa chiphaso chokwerera ndege. Ku Lumbadzi kapena ku Chileka ndimaima pa mzere wa nzika ndi ya Malawi, ndipo palibe wondiwerengera masiku. Pobwerera ndi pamene anthu amasokonezeka, chifukwa mapasipoti onse awiri amagwira ntchito m'chipinda chimodzi. Pa kauntala ya ndege ndimapereka ya Britain. Ndikayenda pang'ono kufika pa tebulo la Imigireshoni ndimapereka ya Malawi, chifukwa ndi imene ndinalowera. Nthawi zina wa Imigireshoni amatsegula masamba kufuna viza ya kumene ndikupita, ndiye ndimatulutsa ya Britain n'kuiika pambali pake. Palibe chochitira mantha, zonse ndi zovomerezeka. Ndikatera ku Manchester ndi ya Britain basi.

Chimodzi chokha musachiphwanye: dziko limene mwalowa ndi pasipoti iyi, mutulukemo ndi yomweyi. Mukalowa ndi ya Britain n'kutuluka ndi ya Malawi, m'mabuku mwatsala mlendo amene analowa koma sanatuluke, ndipo tsiku lina mudzafunsidwa kuti miyezi yonseyi munali kuti.

Ya Britain isakhale yotha, ngakhale mukupita kwanu kumene simukuifuna. Mnzanga wina wa ku ntchito anapita ku ukwati wa mng'ono wake ndi ya Malawi, ya Britain n'kuthera m'chikwama ali konko. Pa kauntala pobwerera anamukaniza kukwera. Iye ankati akafika akafotokoza, wakhala ku Britain zaka zambiri, ana ake ali komweko, nyumba ili komweko. Wa ndege sangamve zimenezo. Pasipoti ya Malawi imafuna viza polowa ku Britain, ndipo nzika ya Britain sipatsidwa viza ya dziko lake lomwe. Anachita kufunsira chikalata chapangozi choyendera kudzera ku ofesi ya kazembe wa Britain ku Lilongwe, kudikira masiku, n'kugulanso tikiti, kuntchito akumuimbira. Kuyambira pa 25 Febuluwale 2026 Britain anakhwimitsa zimenezi kwa onse, ngakhale amene pasipoti yawo yachiwiri ndi ya mayiko osafuna viza: nzika ya Britain ikwere ndege ndi pasipoti ya Britain yosatha, kapena ikhale ndi chikalata chapadera chotsimikiza ufulu wokhala m'dzikolo, chimene mtengo wake ukuposa mapaundi 500. Pasipoti yeniyeniyo ndi yotsika mtengo kutalitali.

Nkhani ya mayina imatigwira kwambiri ife amayi. Pasipoti yanga yakale ya Malawi inali ndi dzina la bambo anga, ya Britain ili ndi la amuna anga. Tikiti imalembedwa dzina limodzi, ndipo dzinalo liyenera kufanana ndi la m'pasipoti imene mwapereka pa kauntala. Popita mukupereka iyi, pobwera iyo, tikiti ndi imodzi: mwaiona nkhaniyo? Pamwamba pa izo, a mapasipoti ku Britain mukamatenga yatsopano amafuna kuona mapasipoti ena onse amene muli nawo, ndipo amafuna mayina afanane. Akasiyana amaimika fomu yanu mpaka mukonze. Ine pofunsira ya Malawi yatsopano ndinapereka kalata ya ukwati kuti dzina likhale limodzi kuyambira pa chitupa. Ngati anu ndi osiyana panopa, yendani ndi kalata ya ukwati yeniyeni, koma cholinga chikhale kuwafananitsa pasipoti yotsatira ikamatuluka.

Bambo a kunyumba sanalumbireko. Anakana kuyambira kale, ati sangataye dziko chifukwa cha kabuku, ndipo anakhala ndi pasipoti ya Malawi ndi chilolezo chokhala ku Britain mpaka kalekale. Zaka zonse zija ndinkawaseka akamafola mizere ya viza ya ku France, koma pa puloti paja anaseka ndi iwo. Nawonso ali ndi zawo zoyang'anira. Makadi a BRP, osonyeza chilolezo chokhala ku Britain, anatha pa 31 Disembala 2024, ndipo chilolezo chili pa intaneti tsopano. Akatenga pasipoti yatsopano ya Malawi ayenera kuilowetsa mu akaunti yawo ya UKVI, nthambi ya boma la Britain yoona za viza, asananyamuke, apo ayi wa ndege ku Lumbadzi sawapeza m'kompyuta. Chilolezocho chimafanso munthu akakhala kunja kwa Britain kupitirira zaka ziwiri zotsatizana. Amene mukulota zokapuma kumudzi mukakalamba koma n'kumabwera kudzaona adzukulu kapena dokotala, mfundo imeneyi muiyeze bwino posankha kulumbira kapena kusalumbira.

Kukana kwawo kunapulumutsa ana. Mwana wobadwira kunja amatenga unzika wa Malawi kudzera mwa kholo limene linali nzika pa tsiku limene iye anabadwa. Wathu wamng'ono anabadwa ine nditalumbira kale, ndiye kudzera mwa ine panalibe chotenga, koma bambo ake anali nzika. Mabanja amene makolo onse awiri analumbira mwana asanabadwe afunse bwino ku Imigireshoni za mwanayo payekha, asangoganiza kuti unzika wa makolo ukabwerera ndiye kuti wa ana wabwera nawo. Poyenda ndi ana ndekha ndimanyamula masatifiketi awo obadwira okhala ndi mayina a makolo onse, ndi kalata ya bambo awo yovomereza ulendowo. Sikuti amafunsa nthawi zonse, koma tsiku limene afunsa, kulibe kukambirana. Kumbukiraninso kuti pasipoti ya mwana ya Britain ndi ya zaka zisanu zokha, osati khumi, ndipo mlendo polowa m'Malawi amafunika pasipoti yotsala ndi miyezi isanu ndi umodzi.

Mayiko ena pa nkhani ya dziko lobadwira saseka n'komwe. Mwana wa alamu anga anabadwira ku Johannesburg, mayi ake ndi a komweko, koma anakulira kuno ndipo ali ndi pasipoti ya Britain. Atakula anafuna kukaona agogo ake ku Soweto. Lamulo la unzika la South Africa la 1995 lili ndi ndime, ya 26B, yonena kuti nzika yachikulire imene yalowa kapena kutuluka m'dzikolo ndi pasipoti ya dziko lina yapalamula mlandu, ndipo chilango chake ndi chindapusa kapena ndende mpaka miyezi 12. Pasipoti ya Britain imalemba malo obadwira, ndiye wa pa bwalo la ndege la OR Tambo akaona Johannesburg amadziwa chofunsa. Mtsikanayo anasuntha ulendo mpaka ya South Africa itatuluka. Palinso china chimene abale athu a ku Joni ayenera kumva. Kale munthu wa kumeneko akatenga unzika wina osapempha kaye chilolezo cha nduna, wake unkatha, monga zinalili kwathu. Pa 6 Meyi 2025 khoti lalikulu loona za malamulo a dziko linagamula kuti ndime yothetsa unzikayo ndi yosemphana ndi malamulo oyendetsera dziko, ndipo amene anataya unzika mwa njira imeneyo atengedwe ngati sanautayepo. Kumeneko unabwerera wokha, kusiyana ndi kwathu. Koma zikutanthauzanso kuti anthu amene ankadziona ngati alendo tsopano ndi nzika, ndipo ndime ya 26B ikuwakhudza. America nayo imafuna nzika zake zilowe ndi kutuluka ndi pasipoti ya America, kuphatikizapo khanda limene linangobadwira kumeneko makolo ali pa sukulu.

Pa zipata za pamtunda kusinthasintha mapasipoti kumavuta kuposa pa ndege. Tinapita ku ukwati ku Chipata kudzera pa Mchinji, ndipo wa mbali ya Zambia asanadinde anayamba wafufuza chidindo chotulukira cha Malawi. Mukamupatsa kabuku kena kopanda chidindocho, afunsa kuti mwatulukira pati. N'chimodzimodzi pa basi ya ku Joni, kuyambira pa Mwanza kapena pa Dedza, kudutsa Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge: pasipoti imodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. M'chigawo chino ya Malawi ndi imene imayenda bwino, poti ku Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa sifuna viza pa ulendo waufupi. Kusiyana kwake n'kwakuti ku South Africa ya Malawi imapatsidwa masiku 30 pamene ya Britain imapatsidwa 90, ndipo wopitirira masiku kumeneko amaletsedwa kulowanso kwa chaka kapena kuposerapo. Sankhani musanakwere basi, osati muli pa mzere.

Pali mbali ina imene anthu sakonda kuimva. Walira mvula walira matope. Mukakhala nzika ya Malawi muli m'Malawi, ndinu Mmalawi basi pamaso pa apolisi ndi makhoti. Boma la Britain limanena poyera kuti silingakuimirireni ngati nzika yake muli m'dziko lina limene ndinunso nzika yake, ndipo mfundo imeneyi ndi yakale, inalembedwa m'pangano la mayiko la ku The Hague mu 1930. Amene mumaganiza kuti zikavuta mutulutsa ya Britain n'kuitana kazembe, chotsani maganizo amenewo. Ine sizinandibweze m'mbuyo. Ndinakulira pansi pa malamulo omwewo, ndipo abale anga onse akukhala pansi pake tsiku ndi tsiku popanda kazembe wowaimirira.

Zabwino zake zina ndi zazing'ono koma zimakoma: kulembetsa nambala ya foni ndi kutsegula akaunti ku banki ndi chitupa, kulowa kumalo osungirako nyama a Liwonde pa mtengo wa nzika, kukhala pa maliro mpaka mwambo wonse utatha. Puloti ija inalembedwa m'mayina a tonse awiri. Chatsala ndi cha mwana wathu wamkulu. Chitupa cha unzika chimaperekedwa kuyambira zaka 16, ndipo iye akukwanitsa chaka chino, ndiye tchuthi chikubwerachi tidzayambira kwa DC ku Ntcheu, ndi satifiketi yake yobadwira, zitupa za ine ndi bambo ake, ndi kalata yolumbira ija ya r ndi l, poti dzina la agogo ake lidzafunikanso pa fomu.